Sindimetera Pamtunda

Tsitsi langa linali litatha chaka osakhudzidwa ndi lumo. Sikuti ndinkafuna kuoneka ngati woimba. Mayi anga, a Dora, anamwalira kumapeto kwa Januwale 2021 kwathu ku Mitundu, ine ndili kuno ku Perth, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakana kumeta.

Anapita kumudzi mu Malichi 2020 kukadwazika agogo. Anali nesi, ndipo tchuthi chawo chinali cha masabata atatu. Masabatawo atatha agogo anali asanapeze bwino, ndiye bambo anga anawauza pa foni kuti, "Khalaniko sabata ina, kuno tikwanitsa." Ndinali pomwepo, ndikupaka batala pa buledi. M'sabata imeneyo ndege zinayamba kuima chifukwa cha mliri. Tikiti yawo inafafanizidwa kanayi. Agogo anachira, mpaka lero ali moyo. Mayi atatopa n'kukhala, anayamba kuthandiza pa chipatala china, ndipo matenda aja anawapezera komweko.

Maliro tinaonera pa foni: anthu anayi ovala mapulasitiki oyera, bokosi, dzenje, netiweki kumangoduladula. Tsiku lotsatira mzinda wa Perth unatsekedwa masiku asanu, aliyense m'nyumba mwake. Amalawi anzathu a ku Balga ndi ku Canning Vale, amene akanadzaza nyumba yathu ya ku Maddington, amayi pabalaza abambo panja, anangotumiza mauthenga ndi nyimbo. Nditayamba kulira mokweza, bambo anandigwira phewa.

"Tsitsa mawu, Taya. Aneba aitana apolisi."

Ndinatsitsa. M'mawa mwake iwo anadzimeta okha kubafa n'kutsuka sinki, ndipo sabata isanathe anabwerera kuntchito yawo yosamalira okalamba.

Ine ndinali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a unesi. Koleji itatsegulidwa ndinalowa m'kalasi kawiri kokha. Ulendo wachiwiriwo mphunzitsi ankatisonyeza kavalidwe ka zodzitetezera, choyamba ichi, kenako ichi, n'kunena kuti wotsata ndondomekoyi sadwala. Ndinanyamula chikwama n'kutuluka. Ndinapeza ganyu kumsika waukulu wa ku Canning Vale, yonyamula makatoni a tomato ndi nthochi. Kumeneko palibe amene amafunsa za tsitsi la munthu.

Ndinalumbira chinthu chimodzi, ndipo bambo ndinawauza pamaso: sindidzametera pa dothi la dziko limene linatsekera mayi anga kunja. Iwo anati n'zachibwana. Ndinawayankha kuti chibwana chenicheni ndi kuuza munthu kuti akhaleko sabata ina. Kuchokera pamenepo tinkangolankhulana za zinyalala, za makiyi a galimoto, ndi za amene wamaliza mkaka.

Chaka chitayandikira kukwana, malume anga a Brown, mlongo wawo wa mayi, anaika tsiku la kumeta kwachiwiri, kotsekera maliro: Loweruka, pa 29 Januwale, dzuwa likutuluka. Tinakonza zopita, poti boma linali litalonjeza kutsegula zipata zolowera m'dziko pa 5 Febuluwale. Kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mwambowo uchitike, analengeza pa wailesi ya kanema kuti zipata sizitsegulidwa, ndipo tsiku lina sanatchule. Kutuluka kunali kotheka. Kubwerera ndiye kunali kosadziwika.

Ndinawaimbira malume kuti ndibwera ndekha.

"Usayerekeze," anatero. "Zipata zimenezo zatidyera kale munthu. Ukhale komweko, ndipo umete nthawi yomweyo ife tikumeta kuno. Kwanuko idzakhala nthawi yanji?"

"Thwelofu koloko masana."

"Basi. Ndiwe mwana yekhayo wa Dora. Ukapanda kumeta iwe, maliro a mayi ako sanathe, ngakhale mudzi wonse utameta mpala. Akumete munthu wosakhala wachibale. Ndipo tsitsilo lisamwazike, ulisonkhanitse. Wamva, Tayamika?"

Ndinamva. Koma lumbiro langa nalo linali ndi makutu.

Kumsika kuja kuli bambo wina woyendetsa makina onyamulira katundu, a Obby Mwansa, Mbemba wa ku Zambia wa zaka makumi asanu n'kanthu. Tsiku limene anamva kuti ndine Jere, Mngoni wa ku Mchinji kuchimuna, mtendere wanga unatha. Kwawo Abemba ndi Angoni ali pachimbuya: amatukwanana osakwiyirana, ndipo pa maliro a Mngoni, Mbemba ndiye amakumba, kunyamula ndi kuphika, kwinaku akunyogodola ofedwa. Zili ngati adzukulu kwathu. Pa anthu onse a mu Perth, iwo okha ndi amene sanandiyang'anepo ndi nkhope yachisoni.

"Iwe mudya mbeba, ati bwanji?" anandifunsa pa nthawi yopuma. "Nkhope monga mbuzi yamene yagwela mu chimbuzi."

Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera akusenda nthochi.

"Manje mvela," anatero. "Pa Chibelu, Loweruka kwanu, nimasebenza pa chombo ku Fremantle. Cha mapulanga, cha matanga, chakudala kuchila ine. Sibanilipila, nimakonda chabe. Chibelu ichi tipita kuseli kwa chilumba. Ukaima paja n'kuyang'ana kumadzulo, kulibe chinthu mpaka Africa. Kufupi na kwanu kuchila apo sungafike chaka chino. Ine mbuya wako nizakugela, nizakumeta. Nizabwela na sopo yambili, chifukwa mu sisi iyo muli makoswe."

Lachisanu madzulo ndinawapeza bambo akusita yunifomu.

"Mawa ndikukametera panyanja. Andimeta a Obby."

"Mbemba uja? Pa bwato?" Anaimika simbi. "Mayi ako anali munthu wa mpingo, sanali nsomba. Kuseri kwa nyumba kuno kuli mpando, kuli madzi. Chavuta n'chiyani?"

"Sindikupempha chilolezo. Ndikungokuuzani."

"Mawa ndili ndi shifiti."

"Ndikudziwa."

Sindinawaitane. Koma ndinalemba nthawi ndi malo pa kapepala n'kukamata pa firiji.

Chombocho dzina lake ndi Rosebell. Chinali chitakocheza pakati pa maboti oyera a anthu olemera ngati nkhalamba imene yasochera pa ukwati. Chinali cha matabwa chonse, milongoti iwiri, wakumbuyo wautali kuposa wakutsogolo, ndipo zingwe zinali paliponse. Chinkanunkha phula, mafuta opaka matabwa ndi mchere. Woyendetsa wake anali mayi wa zaka ngati makumi asanu ndi limodzi, Katherine, wosavala nsapato, khungu lopsa ndi dzuwa. Anaona chiphaso changa cha katemera pa foni, anayang'ana mutu wanga, n'kundipatsa kachingwe.

"Manga tsitsilo," anatero m'Chingerezi. "Likakodwa m'zingwe ndidula tsitsi, osati chingwe."

Apaulendo tinalipo pafupifupi makumi awiri, ambiri azungu achikulire ovala zipewa ndi makabudula. Akuti amasule chingwe chomaliza, ndinaona munthu akuthamanga padoko. Suti yakuda, taye yakuda, nsapato zonyezimira, buku la nyimbo m'manja. Anavala mmene Mmalawi amavalira popita kumaliro.

A Obby anaseka mpaka kugwira mlongoti. "Ba Jere! Mwabwela kukwatila nsomba?"

"Khala chete, mdya nyani iwe," anatero bambo akupuma wefuwefu. "Ndigwire dzanja ndisagwe."

Katherine anawaloza kumapazi n'kunena kuti nsapato zotere zimaterera ndipo zimakanda matabwa. Bambo anavula, masokosi omwe, n'kuziika mwadongosolo pansi pa benchi. Ndinali ndisanaonepo mapazi awo padzuwa kwa zaka. Sitinapatsane moni. Anakhala mbali ina, ine mbali ina.

Tinatuluka padoko ndi injini. Titadutsa nsanja ziwiri za nyali, yofiira ndi yobiriwira, Katherine anafuula kuti aliyense amene ali ndi manja agwire chingwe. Thanga lalikulu silikwera ndi munthu mmodzi. A Obby anatiimika pamzere, asanu mbali iyi, asanu mbali inayo, chifukwa mtengo wapamwamba pa thangalo umakwezedwa ndi zingwe ziwiri, ndipo ziyenera kuyendera limodzi. Iwo akafuula, ife tikoke. Manja anga a makatoni a nthochi anagwira ntchito. Nsaluyo inakwera ikugwedezeka, yolemera, ya zigamba, kenako inatupa ndi mphepo. Tinakweza lachiwiri, ndi ang'onoang'ono awiri akutsogolo. Katherine anazimitsa injini.

Sindinayembekezere bata limenelo. Kunangotsala madzi akusesereka m'mbali, ndi matabwa akulira pang'onopang'ono ngati chitseko chakale. Mphepo ya m'mawa inkachokera kumtunda, yofunda, ikutikankhira kunja. Nyumba zazitali za mzinda zinayamba kufupika. Ndinaima kutsogolo osacheuka. M'thumba ndinali ndi sizasi, paketi ya malezala, ndi jumbo yoikamo tsitsi.

Ola limodzi lisanathe bambo anali atagwada m'mbali mwa chombo, akubweza tiyi wa m'mawa.

"Yang'anani patali, mudala, pamene manzi yakumana na kumwamba," a Obby anawauza akuwapatsa ndowa. "Angoni munaoloka bwanji Zambezi na mimba zamene izi?"

"Tinakwera pamisana ya Abemba," anayankha bambo, mutu uli m'ndowa.

Ndinafuna kuseka, koma ndinakumbukira kuti ndakwiya.

Cha m'ma leveni mphepo yofunda ija inafa. Matanga analendewera. Katherine anayang'ana kumwera, kumene madzi anayamba kuda, n'kuitana a Obby. Nditaona mmene akulozerana, ndinapita.

"Mphepo ya kunyanja ikubwera msanga lero, ndipo ibwera yamphamvu," anandiuza. "Sitizungulira chilumba. Tibwerera."

"Ayi," ndinatero. "Ndiyenera kufika kumene kutsogolo kulibe mtunda."

"Aliyense amafuna zimenezo. Ine ndili ndi anthu makumi awiri ndi matabwa a zaka makumi asanu ndi atatu."

Ndinatembenukira kwa a Obby. "Simunawauze?"

Anakanda m'khosi. "Ninabauza kuti kuli kapemphelo kang'ono."

Ndiye ndinamuuza ndekha, m'Chingerezi chosakongoletsa. Kuti mayi anga anali nesi mumzinda uno zaka khumi, kuti anafera kunja kwa chipata, kuti thwelofu koloko abale anga akumeta ndipo ine ndiyenera kumeta nawo, ndiponso kuti pamtunda sindimetera. Katherine sanandipepese, ndipo ndinamukonda chifukwa cha zimenezo. Anayang'ana wotchi, anayang'ana madzi akuda aja.

"Ndikufikitsa kumpoto kwa chilumba, pamene kumadzulo kumatseguka. Ukafika ndikupatsa mphindi makumi awiri. Pita ukathandize Obby kukoka, ngati ukufuna tifike."

Mphepo inafika ngati mbama. Rosebell anapendekeka, madzi anayamba kulowa ndi kutuluka m'mabowo a m'mbali, ndipo amayi ena anakuwa kenako n'kuseka. Ndinakoka chingwe chilichonse chimene anandilozera. Khungu la m'manja linasupuka, mchere unalowamo. Chilumba cha Rottnest chinadutsa kumanzere kwathu, chathyathyathya, cha mchenga woyera, mpaka nsonga yake inatsala m'mbali. Kutsogolo kunali madzi okhaokha.

"Apa," anafuula Katherine.

Foni inanjenjemera m'thumba. Malume: Tayamba.

Ndinakhala pa chivundikiro cha khomo lotsikira m'kati, nkhope kumadzulo, n'kumasula kachingwe kaja. A Obby anaima kumbuyo kwanga, miyendo tang'a.

"Dora, mukazi wa kapolo wanga," anatero mokweza, "mwana wako uyu, wauve monga atate bake. Tamugela lelo. Iwe gona, usativute."

Anayamba ndi sizasi. Chingwe choyamba cha tsitsi chinalowa bwino m'jumbo. Chachiwiri mphepo inachilanda m'manja mwawo. Ndinachiona chikugubuduzika pa matabwa kulowera kumadzi. Ndinayesa kutseka jumbo ndi mawondo, koma inkangotupa ndi kukupiza, ndipo zimene zinalowa kale zinayamba kutuluka. Kwathu munthu amametera pansi pa mtengo, tsitsi limagwera pamapazi. Pa ife tonse panalibe amene anaganizako za mphepo.

"Likumwazika!" ndinakuwa. "A Obby, likumwazika!"

"Khala chabe, ungadulike khutu!"

Pamenepo ndinaona suti yakuda ikukwawa. Bambo anali atasiya ndowa yawo. Ankayenda ndi mawondo pa matabwa onyowa, akuvumbata tsitsi ndi zikhatho, akulitola m'ming'alu ndi pansi pa zingwe, n'kumaliika m'thumba la m'kati la jekete. Funde linawanyowetsa mpaka m'chiuno. Sanadzutse mutu. Mzungu wina wokalamba anaponda kachidutswa kuti kasauluke n'kuwapatsa, ndipo iwo anathokoza ngati alandira chenje m'sitolo.

Sizasi itatha ntchito, a Obby anandipaka sopo ndi madzi a m'botolo n'kutulutsa lezala. Anameta mbali ya kumanja, kuchokera pamphumi kupita kumbuyo. Kawiri, katatu, kanayi. Kenako chombo chinakwera funde n'kugwa, ndipo ndinamva kutentha pamwamba pa khutu. Magazi anatsikira m'khosi.

"Imani!" Katherine anali ataona. "Lezala wopanda chogwirira, m'mphepo iyi? Mukanandiuza sindikanalola. Obby, siya zimenezo, bwera tichepetse thanga. Tikutembenuka."

"Mphindi zanga sizinathe!"

"Zatha pamene ndaona magazi."

A Obby anandipatsa lezala uja n'kuthamanga. Chombo chinatembenuka, matanga anawomba ngati mfuti, ndipo kumadzulo kunapita kumbuyo kwanga. Ndinatsala pansi, mbali imodzi ya mutu mpala, mbali inayo ziputu ndi thovu. Ndinaganiza zodzimeta ndekha. Ndinakweza dzanja, koma pabalapo sindinkaona.

Bambo anaimirira. Anayenda akugwira chingwe ichi ndi icho mpaka pa chiwongolero. Ndinawamva akulankhula Chingerezi chawo cha kuntchito, chaulemu, chosathamanga.

"Mayi, m'mawa uliwonse ndimameta amuna asanu ndi mmodzi. Atatu mitu yawo siima, imangogwedezeka. Mmodzi amandimenya. Zaka khumi ndi chimodzi sindinachekepo munthu. Ndiloleni."

Katherine anawayang'ana kuyambira pa taye mpaka kumapazi. "Mphepo ili kumbuyo tsopano, tiziyenda mofatsa pang'ono. Mukhale pansi nonse, msana wanu utsamire khoma ilo. Ndikaonanso magazi, lezalayo ndimuponya m'madzi."

Bambo anabwera n'kutambasula dzanja. Ine ndinafumbata lezala.

"Malume anati asakhale wachibale."

"Mbuya ndiye wayamba!" anafuula a Obby ali pa zingwe. "Nchito yanga yasila. Uyo Mungoni namulemba ganyu amalize. Nizamulipila mbeba zibili!"

"Sindikufuna," ndinawauza bambo motsitsa, kuti ena asamve. "Osati inu."

Anakhala pansi, msana kukhoma, monga anauzidwa. Milomo yawo inali yotuwa chifukwa cha kusanza.

"Chimene ndinanena pa foni paja ndikuchidziwa, Taya. Sufunika kundikumbutsa. Ndimachimva ndikamayatsa galimoto m'mawa, ndimachimva ndikamazimitsa. Ukafuna kudana nane mpaka ndife, udane nane, ndine bambo ako, ndipirira. Koma Dora ndamuchedwetsa kamodzi. Sindimuchedwetsanso. Bweretsa mutuwo."

Ndinayang'ana thumba la jekete lawo, lotupa, madzi akudontha. Ndinawapatsa lezala, ndipo ndinakhala pakati pa miyendo yawo ngati mwana wa zaka zisanu.

Anayamba ndi bala. Analitsuka, analitsina ndi mpango mpaka magazi analeka. Kenako anagoneka mutu wanga pachifuwa pawo n'kuukanikiza ndi dzanja lamanzere, kuti chombo chikagwedezeka tizigwedezeka ngati munthu mmodzi. Sankameta funde likamatikweza. Ankadikira tifike pamwamba, pamene chombo chimaima kamphindi chisanatsike, n'kukoka kamodzi. Akakoka, apukute lezala pa mpango, apinde mpangowo, adikire funde lina. Kawiri anaima kuti asanze, lezala atamukweza kutali ndi ine.

"Mwachita bwino, bwana, tatsala pang'ono," anatero m'Chingerezi, mwa chizolowezi cha kuntchito, kenako anadzigwira n'kuguguza pakhosi.

Ndinkamva mtima wawo kukhutu kwanga. Atafika pa liwombo dzanja lawo linaima.

"Uli ndi mutu wa mayi ako," anatero. "Pakati apa."

Chifuwa chawo chinayamba kugunda mwachilendo. Ndinaganiza kuti akufunanso ndowa. Koma chimene chinatuluka ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa iwo, aakulu, osweka, ochokera pansi pa mimba. "Dora ine! Mkazi wanga ine! Ndinakuuza ndine, Dora!" Anakumbatira mutu wanga ndi thovu lomwe. Ine ndinayesa kugwira mpweya, koma unandipulumuka. Ndinaitana mayi anga ndi mawu onse amene ndinali nawo. Ndinawaitana mpaka kummero kunauma, ndinapuma, n'kuyambiranso.

Apaulendo ena anayang'ana kunyanja, ena anavula zipewa. Ndinamva Katherine akufunsa ngati wina wavulala.

"Iyayi," anatero a Obby. "Ni malilo chabe. Yachedwa na chaka."

Sindikudziwa kuti tinalira nthawi yaitali bwanji, koma inali nthawi imene tinalibe. Mphepoyo inkathamangitsa Rosebell kuposa mmene tinapitira. Bambo atapukuta m'maso n'kutenga lezala watsopano, nyumba za ku Fremantle zinali zikuoneka mazenera. Anameta kumanzere, anameta kunkhongo. Pafupi ndi doko mafunde anafupika n'kumabwera mosokonekera, ndipo kamphindi kaja kodikira kanasowa. Ankakweza dzanja n'kulibweza, kukweza n'kulibweza.

"Tsitsani matanga!" anafuula Katherine. "Inu awiri, chokani pamenepo, mtengo ukutsikira pomwepo."

Tinasuntha. Injini inalira. Ndinapapasa mutu: unali wosalala, wozizira, ngati wa munthu wina, kupatula kachigawo kuseri kwa khutu lamanzere, kakakulu ngati chikhatho cha mwana. Nsanja yofiira ndi yobiriwira zinali patsogolo pathu. Tikangozidutsa, mphindi zochepa zingwe zikhala zitamangidwa padoko.

"Katsala kang'ono," anatero a Obby akupinda thanga. "Muzamalizila pa benchi paja, olo mu motoka."

Ndinali nditatopa kwambiri, moti mwina ndikanavomera. Koma bambo anali atanyamuka kale. Anaima pamaso pa Katherine, opanda nsapato, buluku litamatirira kumiyendo, thovu pa taye.

"Mayi, musalowe kaye."

"Bambo Jere, anthuwa anyowa ndipo ena akudwala. Inunso mukudwala."

"Ndikudwaladi. Koma mwana wanga sametera pamtunda. Ananena chaka chatha. Ndikupempha mphindi zisanu."

Katherine anatulutsa mpweya m'mphuno. Anayang'ana apaulendo. Mayi wina amene anakumbatira ndowa ulendo wonse anakweza dzanja osadzutsa mutu n'kunena kuti amalize, iye safa. Katherine anapukusa mutu, anapotoza chiwongolero, ndipo Rosebell anapatuka pakhomo pa doko n'kukaima kuseri kwa khoma la miyala, kumene madzi anali odekha.

Bambo anagwada. Anapinda khutu langa ndi chala chachikulu, anapaka sopo wotsala, n'kukoka katatu. Anayendetsa chikhatho mutu wonse, kutsogolo mpaka kunkhongo, kufunafuna chotsalira. Sanapeze. Anapinda mpango uja kanayi n'kuuika m'thumba momwe munali tsitsi linalo.

"Foni ili nawe?" anandifunsa.

"Ili nane."

"Auze malume ako kuti tameta."